Nkhondo ya malungo yalowa m'mimba mwa udzudzu

Dzuwa likangolowa kuseri kwa phiri la Domwe, mphepo yozizira imatsetserekera m'madambo. Amayi akuchokera kumunda atasenza mitolo ya nkhuni, nkhwani ali m'manja. Anyamata akutsekera ng'ombe m'khola. Utsi ukufuka m'madenga a udzu.

Uno ndi mwezi wa Febuluwale m'boma la Angónia, chigawo cha Tete, ku Mozambique. Chimanga chamasula, fodya wayamba kulowa m'zigafa, ndipo maenje amene anthu anakumba poumba njerwa m'chilimwe adzaza madzi.

M'nyumba zambiri za m'midzi muno, pakati pa khoma ndi denga pamatsala mpata woti dzanja n'kulowa. Anthu akagona tulo, udzudzu waukazi umalowera pamenepo, kulondola mpweya umene akupuma. Umazungulira neti mpaka utapeza kamwendo ka mwana kamene katulukira kunja.

Mphindi ziwiri kapena zitatu n'zokwanira.

Kamimba kamene kanali kopyapyala katupa, kafiira. Magazi amene wamwa akulemera mofanana ndi thupi lake, mwinanso kuposa. Uli mkati moyamwa, ukudontheza timadzi kumbuyo kuti magazi ena apeze malo. Ukakhuta umauluka molemedwa n'kukatera pakhoma, pamdima.

Ambirife timaona ngati nkhani yathera pamenepo: waluma, wapita.

Kwa asayansi, m'pamene yayambira.

M'masiku awiri kapena atatu otsatira, magaziwo ayenera kugayidwa n'kusanduka mazira, amene amatha kupitirira 100. Ngati m'magazimo munali tizilombo ta malungo, nato tayamba ulendo wawo: kuboola khoma la matumbo a udzudzu, kuswana, kenaka kusamukira kumene kumachokera malovu ake kukadikira munthu wotsatira.

Zonsezi zimafuna dongosolo. Ichi chiyambe, icho chileke, chilichonse pa nthawi yake. M'zaka makumi awiri zapitazi, ofufuza apeza kuti ena mwa oyendetsa dongosololi ndi timaRNA ting'onoting'ono ta m'maselo a udzudzu. Funso lawo n'lakuti: tinthu timeneti titasokonezedwa, kodi udzudzu ungasiye kufalitsa matenda?

Mizere iwiri

M'mawa, pakhonde la chipatala chaching'ono kapena pakhomo pa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, anthu amafola kusanatenthe. Ambiri ndi amayi obereka ana kumbuyo.

Mafunso amakhala omwewo tsiku ndi tsiku: “Mayi, mwanayu wayamba liti kutentha thupi? Akusanza? Akuyamwa?”

Kenaka kasingano pachala, kadontho ka magazi pa kachipangizo koyera ka pulasitiki, timadontho ta mankhwala, n'kudikira mphindi 15 kapena 20.

Ukaoneka mzere umodzi, si malungo.

Ikaoneka iwiri, ndi omwewo.

Wopezeka nawo amalandira timapilisi tachikasu ta Coartem, kumwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu. Kutsidya kwa chipata cha Kalomwe, ku Dedza m'dziko la Malawi, mankhwala omwewa amadziwika kuti LA. Mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri za malire, ndipo udzudzu umene umawaluma ndi wa mitundu yomweyo.

Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2023 anthu anadwala malungo maulendo okwana 263 miliyoni, ndipo pafupifupi 597,000 anamwalira. Mwa odwala 100 alionse, 94 anali a ku Africa. Mwa omwalira a ku Africa, atatu mwa anayi alionse anali ana osakwana zaka zisanu. Mozambique inali m'gulu la mayiko asanu amene odwala anachuluka kwambiri, pamodzi ndi Nigeria, DR Congo, Uganda ndi Ethiopia.

Kwa mlimi wa ku Angónia, manambalawa amatanthauza china. Malungo amakula dzinja likafika pakati mpaka kumayambiriro kwa masika, nthawi imene munda sulola kuusiya. Mayi akagona m'chipatala ndi mwana sabata yathunthu, udzu sudikira, fodya wakupsa sadikira.

Kalata imene siifika

Thupi la chamoyo chilichonse, kaya ndi munthu, mbuzi, chimanga kapena udzudzu, linapangidwa ndi maselo. M'kati mwa selo muli DNA, mmene munalembedwa malangizo onse a kapangidwe ndi kagwiridwe ntchito ka thupilo.

Tiyerekeze ndi kwa mfumu. DNA ndi buku lalikulu limene silituluka m'nyumba. Pakagwa ntchito, mlembi amakopera tsamba limodzi n'kutumiza kalata kwa amisiri. Kalatayo ndiyo RNA yaitali, ndipo chimene amisiri amapanga ndi puloteni: ina yogaya chakudya, ina yomanga dzira, ina yolimbana ndi tizilombo.

Koma panjira pamakhala nyakwawa. Iyo imangodziwa mawu ochepa a m'kalata ina yake. Kalata yokhala ndi mawu amenewo ikamadutsa, imailanda. Ntchitoyo imaima.

Nyakwawayo ndiye kaRNA kakang'ono.

RNA yaitali imakhala ndi zilembo mahandiredi kapena masauzande. KaRNA kotchedwa microRNA kamakhala ndi zilembo pafupifupi 22 basi. Koma kamodzi kangathe kuletsa mapuloteni ambirimbiri kupangidwa.

Oyamba kukatulukira anali Victor Ambros ndi Gary Ruvkun a ku America, mu 1993. Sanakapeze mwa munthu kapena mu udzudzu, koma m'kanyongolotsi kotalika milimita imodzi. Kwa zaka zingapo anzawo ankangoti ndi zachilendo za kanyongolotsiko. Mu 2000 Ruvkun anapeza kena kamene kaliponso mwa anthu ndi m'nyama zambiri, ndipo maso a asayansi anatseguka. Mu Okutobala 2024 awiriwa analandira mphoto ya Nobel.

Anzawo ena awiri, Andrew Fire ndi Craig Mello, anali ataonetsa mu 1998 kuti munthu angathe kupanga yekha RNA yoteroyo, kuibaya m'chamoyo, n'kutontholetsa jini imene wasankha. Iwo analandira Nobel mu 2006.

Apa m'pamene ofufuza udzudzu anapezera chida. Mu 2002 DNA yonse ya Anopheles gambiae, umodzi mwa udzudzu woopsa kwambiri wa malungo mu Africa, inali itawerengedwa. Tsopano zinali zotheka kutontholetsa jini imodzi ndi imodzi n'kuona chimene chiwonongeke.

Mu udzudzu muli magulu atatu a timaRNA timeneti. Ta microRNA timayendetsa za m'thupi: kukula, kugaya magazi, kupanga mazira. Ta siRNA timalimbana ndi mavairasi. Ta piRNA timateteza makamaka mbewu yoberekera, kuti DNA yopita kwa ana isasokonekere.

Magazi alowa, mazira osatuluka

Kubaya jekeseni udzudzu si nthano. Amaugoneka pozizira kuti ukomoke, n'kuuboola pachifuwa ndi kasingano kagalasi koonda kwambiri, akuyang'ana pa makina okulitsa zinthu. Ukatsitsimuka amaupatsa magazi n'kudikira.

Mu 2010, gulu la Alexander Raikhel ku University of California, Riverside, linachita zimenezi pa Aedes aegypti, udzudzu wa mawanga oyera m'miyendo umene umaluma masana. Anaubaya mankhwala ofooketsa kaRNA kamodzi kotchedwa miR-275.

Udzudzuwo unamwa magazi bwinobwino. Koma magaziwo anangokhala m'mimba osagayika. Madzi analephera kutuluka, mimba inakhala chitupire, mazira sanakhwime.

Zilembo 22 zokha, mbumba yonse n'kuthera pomwepo.

Mu 2014 gulu lomwelo linapeza kenanso, miR-1174, kamene kamapezeka mu udzudzu mokha. Kakasowa, udzudzu umavutika kuyamwa magazi ngakhale timadzi totsekemera ta m'maluwa.

Nanga tizilombo ta malungo?

Mu 2007 ofufuza a ku Ulaya anafooketsa mapuloteni amene amapanga ndi kunyamula ma microRNA mu Anopheles gambiae, kenaka n'kuudyetsa magazi okhala ndi tizilombo ta malungo a makoswe. Tizilombo tambiri tinapulumuka m'matumbo ake kuposa mu udzudzu wamba. Zinaonekeratu kuti timaRNA tili ndi mbali pa nkhondo imene udzudzu umamenya ndi tizilomboti.

Inde, udzudzu nawo umamenya nkhondo. Mwa tizilombo tambirimbiri timene timalowa ndi magazi, tochepa kwambiri ndi timene timakwanitsa kuboola matumbo n'kukhazikika. Tambiri timafera panjira.

Koma si timaRNA tonse timene tili kumbali ya udzudzu. Mu 2015, ku Johns Hopkins University, gulu la George Dimopoulos linaonetsa kuti miR-305 ikachulukitsidwa, Plasmodium falciparum, kachilombo ka malungo amene amapha anthu kuno, kamakhazikika mosavuta. Ikachepetsedwa, kamavutika.

Mu 2019, ku Berlin, gulu la Elena Levashina la ku Max Planck Institute linapeza zodabwitsa kuposa apa. Udzudzu ukamwa magazi umagwiritsa ntchito chakudyacho popanga mazira, koma pakapita nthawi kaRNA kotchedwa miR-276 kamalamula kuti basi, zotsalazo zisungidwe. Zosungidwazo n'zimene kachilombo ka malungo kamadya pokula. Atachepetsa miR-276, udzudzu unaikira mazira ambiri, koma tizilombo tofika pa msinkhu wopatsira munthu tinachepa.

Ndiye kuti m'mimba mwa udzudzu muli kulimbirana chakudya pakati pa mazira ndi kachilombo. Wogawa chakudyacho ndi kanthu kosaoneka ngakhale pa makina wamba a m'chipatala.

Chitetezo chimene chimatipweteka

Okalamba ena a m'chigawo chino cha Africa anakhalapo pa nthawi ya mliri wina umene masiku ano sutchulidwa kawirikawiri. Mu 1959 kumpoto kwa Uganda kunabuka matenda a o'nyong-nyong: kutentha thupi, zidzolo, ndi kuphwanya kwa m'mawondo ndi m'zigongono koti munthu osatha kuima. Pofika 1962 anali atafika ku Kenya, Tanzania, Malawi ndi Mozambique, atagwira anthu oposa 2 miliyoni.

Amene ankanyamula vairasi imeneyo ndi udzudzu womwe uja wa malungo, Anopheles funestus ndi Anopheles gambiae.

Bwanji udzudzuwo wosafa nayo?

Yankho lili mu siRNA. Vairasi ikayamba kuswana m'selo la udzudzu, puloteni ina imagwira RNA ya vairasiyo n'kuiduladula m'tizidutswa ta zilembo 21. Tizidutswato timapatsidwa kwa puloteni ina, imene imatigwiritsa ntchito pofunafuna vairasi yotsala n'kuidula. Mu 2004 ofufuza a ku Colorado State University anaonetsa zimenezi pa o'nyong-nyong yemweyo: atatontholetsa puloteni yachiwiriyo mu Anopheles gambiae, vairasi inachulukana kwambiri.

Wina angati ndi nkhani yabwino. Si choncho kwenikweni.

Mu 2008, ku Virginia Tech, anapatsa udzudzu vairasi yokonzedwa kuti izitseka chitetezo chimenechi. Udzudzuwo unafa. Apa m'pamene zinadziwika kuti siRNA siimaliza vairasi. Imangoichepetsa kufika poti udzudzu ukhalebe moyo.

Udzudzu wamoyo wokhala ndi vairasi ndi umene umaluma iwe ndi ine.

Asayansi ena anaganiza zolimbitsa chitetezocho mpaka vairasi itheretu. Mu 2006, ku Colorado konkuja, anasintha DNA ya Aedes aegypti kuti ukangomwa magazi, matumbo ake azipanga okha RNA yolimbana ndi mtundu umodzi wa dengue. Udzudzuwo unalephera kufalitsa bwino matendawo. Mu 2019 gulu la Omar Akbari ku San Diego linachita zofanana pa vairasi ya Zika.

Dengue si yachilendo ku Mozambique. Inabuka ku Pemba mu 1984 ndi 1985, n'kubweranso ku Pemba ndi Nampula mu 2014. Aedes aegypti amaswana m'matayala akale, m'migolo ndi m'zitini, zinthu zimene zimachuluka tauni ikamakula. Tauni ya Ulongwe kuno ku Angónia nayo ikukula.

Kuzizira kwa kumapiri

Angónia ili ndi mwayi umene a m'chigwa cha Zambezi alibe. Dera lalikulu la bomali lili pamtunda woposa mamita 1,000, ndipo phiri la Domwe limapitirira mamita 2,000. Amene anagonapo mumzinda wa Tete mu Okutobala n'kudzagona ku Ulongwe amadziwa kusiyana kwake.

Kuzizira kumachedwetsa kachilombo ka malungo. Kukamatentha bwino, kamafuna masiku 10 mpaka 14 kuti kakule m'thupi la udzudzu n'kufika m'malovu. Kukazizira kufika madigiri 20, kamafuna masabata atatu kapena kuposa. Kukazizira kuposa apo, pafupi ndi madigiri 16, sikamaliza n'komwe. Udzudzu wambiri m'tchire umafa masabata atatu asanakwane.

N'chifukwa chake mu Juni ndi Julayi malungo amatsika.

Koma mwayi umenewu ndi wosadalirika. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 m'magazini ya Science, wochokera ku mapiri a ku Ethiopia ndi Colombia, anaonetsa kuti chaka chikatentha, malungo amakwera kumtunda, kumidzi imene kale ankaisiya.

Palinso madambo. Anopheles gambiae ndi mnzake Anopheles arabiensis amakonda timadzi towombedwa dzuwa: zithaphwi, mapazi a ng'ombe, maenje a njerwa. Mvula ikatha, nawo amachepa. Anopheles funestus ndi wina. Iye amaswana m'madzi okhalitsa okhala ndi udzu, m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje, momwe alimi amalima madimba a kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere. Ena akasowa, iye amatsala.

Ndipo funestus yemweyu ndi amene wavuta ndi mankhwala.

Udzudzu wa kwathu ku Johannesburg

Mu 1996 South Africa inasiya kupopera nyumba ndi DDT n'kuyamba mankhwala a gulu la pyrethroid, omwe amaikidwanso m'maneti. Pasanapite zaka zinayi malungo anabuka ku KwaZulu-Natal, ndipo mu 2000 odwala m'dzikolo anaposa 60,000. Ofufuza atalondola, anapeza funestus amene pyrethroid sankamupha. Kum'mwera kwa Mozambique anapezekanso.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Richard Hunt, Maureen Coetzee ndi anzawo anatenga funestus wa kum'mwera kwa Mozambique n'kuyamba kumuweta mu labotale ku Johannesburg. Mbumba imeneyo inapatsidwa dzina lakuti FUMOZ. Kuweta funestus n'kovuta kwambiri, choncho FUMOZ inasanduka chuma cha ofufuza padziko lonse. DNA ya funestus imene asayansi amayerekezera nayo udzudzu wina inawerengedwa kuchokera ku mbumba imeneyi.

Mu 2009, Charles Wondji wa ku Cameroon, akugwira ntchito ku Liverpool School of Tropical Medicine, anapeza chinsinsi chake: majini awiri, CYP6P9 ndi CYP6P4, amene amapanga mapuloteni osungunula poizoni asanafike m'mitsempha ya udzudzu. Mu 2010 funestus wosamva mankhwala anapezeka pachilumba cha Likoma. Ku Chikwawa nakonso anapezeka. Mu 2019 gulu la Wondji linaonetsa kuti udzudzu wotere umapulumuka ukakhudza neti wamba, ndipo umalumabe.

Chachikulu pankhaniyi ndi kuchuluka. Udzudzu wosamva mankhwala umapanga mapuloteniwa mochuluka kwambiri kuposa unzake. Mu funestus, chimene chinapezeka ndi kusintha kwa kachigawo ka DNA kamene kamalamula kuti jini igwire ntchito mochuluka bwanji. Koma ku China, ofufuza a ku Nanjing anapeza kuti mu udzudzu wa mtundu wa Culex, ma microRNA ena amalamulira mapuloteni a banja lomweli, ndipo akasinthidwa, kupirira kwa udzudzu ku mankhwala kumasinthanso. Mu 2016 ofufuza a ku South Africa anasindikiza mndandanda wa ma microRNA a funestus kuyambira ali dzira, mphutsi, mpaka wamkulu.

Kumvetsa mapuloteni osungunula poizoniwa kwapindula kale. Maneti okhala ndi PBO, mankhwala amene amatseka mapuloteniwo, anavomerezedwa ndi WHO mu 2017. Mu Malichi 2023 bungweli linavomerezanso maneti osakaniza pyrethroid ndi chlorfenapyr, mankhwala opha udzudzu mwa njira ina.

Sayansi ya m'kati mwa selo yafika kale pamphasa, kudzera mu neti.

Yisiti wopha mphutsi

Njira ina imene ikuyesedwa ndi yodyetsa udzudzu RNA m'malo moubaya.

Ku Indiana University, Molly Duman-Scheel ndi gulu lake anatenga yisiti wofufumitsira buledi n'kumusintha kuti azipanga kaRNA kotontholetsa jini yofunika m'mitsempha ya udzudzu. Yisitiyo amamupha ndi kutentha, kumuumitsa, n'kumuumba timapilisi. Kapilisi kakaponyedwa m'madzi, mphutsi zimakadya. Mu 2017 analengeza kuti mu labotale mphutsi zambiri za Anopheles gambiae zinafa.

Chokopa pa njirayi ndi kusankha. Zilembo za kaRNA zimasankhidwa kuti zigwirizane ndi jini ya udzudzu wokha, kuti njuchi, nsomba ndi achule zisakhudzidwe.

Pa ulimi, mankhwala a mtundu umenewu ali kale pamsika kwina. Mu Disembala 2023 boma la America linavomereza Calantha, mankhwala opopera a RNA ophera kachilombo kodya masamba a mbatata ya kachewere kumeneko. Kachilomboko si kamene kamavutitsa alimi a ku Angónia ndi Tsangano, koma kuvomerezedwako kwaonetsa kuti RNA ingapangidwe yochuluka, kuikidwa m'botolo n'kugulitsidwa.

Komabe m'sitolo za ku Ulongwe mulibe mankhwala a RNA ophera udzudzu, ndipo WHO sinavomereze alionse pa nkhondo ya malungo.

Zifukwa zake n'zomveka. RNA imawonongeka msanga padzuwa ndi m'madzi a matope. Zimene zatheka m'kabeseni ka mu labotale siziyenda chimodzimodzi m'dzenje la njerwa lokhala ndi ndowe, ndere ndi zakudya zina zambiri za mphutsi. WHO imalangiza kuthira mankhwala m'madzi pokhapokha malo oswanirawo ali ochepa, osasinthasintha, ndi opezeka mosavuta. Dambo lotalika makilomita angapo silili choncho.

Chinanso, kafukufuku wambiri amene tatchulayu anachitikira ku America ndi ku Ulaya, pa udzudzu wowetedwa m'zikwere kwa mibadwo yambiri, m'zipinda zotenthetsedwa mofanana usana ndi usiku. Udzudzu wa ku Domwe umagona m'chisanu, umaluma anthu ndi ng'ombe, umakhudza mankhwala a m'maneti ndi a m'minda ya fodya.

Ngati njirazi zingagwire ntchito pa udzudzu wotere, ndi funso loti liyankhidwire kuno.

Eni mudzi afunsidwe

Chida chilichonse chatsopano chimathera m'manja mwa anthu a m'mudzi. M'midzi yozungulira nkhalango ya Majete ku Chikwawa, pa ntchito ya Majete Malaria Project, anali eni mudzi amene ankatseka mipata ya m'madenga ndi njerwa ndi dothi, kuika mawaya m'mawindo, ndi kupopera m'zithaphwi mankhwala a Bti ophera mphutsi. Popanda iwo, asayansi sakanayesa kanthu.

Nkhani imakula kwambiri pamene chobweracho ndi udzudzu wosinthidwa DNA. Ku Burkina Faso, bungwe la Target Malaria linatulutsa udzudzu waumuna wosabereka m'mudzi wa Bana mu Julayi 2019, litakambirana ndi anthu kwa zaka zingapo. Njira yawo sinali ya timaRNA, koma mafunso a anthu anali omwe angafunsidwe kulikonse. Mu Ogasiti 2025 boma la dzikolo linaimitsa ntchito yonseyo.

Mfumu ya ku Angónia, mayi wa kumpingo, mphunzitsi wa ku Lifidzi, onse angafunse zomwezo. Kodi mukuthira chiyani m'madzi amene ng'ombe zathu zimamwa? Mwana akasambamo bwanji? Zikalakwika, tikadandaule kwa yani?

Mafunso amenewa si umbuli. Ndi ufulu wawo, ndipo ayenera kuyankhidwa m'Chichewa chomveka, ntchito isanayambe.

Mozambique ili ndi poyambira. Likulu la kafukufuku wa zaumoyo la ku Manhiça, CISM, linatsegulidwa mu 1996, ndipo kumeneko n'kumene katemera wa malungo wa RTS,S anaonetsa mu 2004 kuti angateteze ana aang'ono. Katemera yemweyo anayamba kuperekedwa ku Malawi mu Epulo 2019, ndipo mu Ogasiti 2024 Mozambique inayamba kupereka wina, R21, m'chigawo cha Zambézia. Kuchoka pa kafukufuku wa ku Manhiça kufika pa mkono wa mwana wa kumudzi panapita zaka 15 mpaka 20.

Za timaRNA nazo zidzafuna nthawi yotere, mwinanso kuposa.

Ku Marracuene kuli Instituto Nacional de Saúde. Ku Ulongwe komweko kuli sukulu ya zaulimi ya Universidade Zambeze, kumene achinyamata amaphunzira za tizilombo ta m'minda. Luso logwira, kuzindikira ndi kuyesa tizilombo ndi lomwelo. Charles Wondji anakatsegula likulu la kafukufuku kwawo ku Yaoundé kuti udzudzu wa ku Cameroon uziyesedwa ndi ana a ku Cameroon. Palibe choletsa kuti mwana wa mlimi wa ku Domwe adzachite zomwezo ndi funestus wa m'dambo la kwawo.

Udzudzu wa ku Mozambique wathandiza kale dziko lonse kumvetsa chifukwa chimene neti yakale inafookera. Si chilungamo kuti dziko lipereke udzudzu, ena apereke mayankho, eni ake n'kumangodikira galimoto yobweretsa katundu. Unduna wa zaumoyo, mayunivesite ndi mabungwe othandiza aike ndalama pophunzitsa achinyamata a m'zigawo ngati Tete, ndipo udzudzu wa kumapiri uziyesedwa chaka ndi chaka kuti anthu alandire maneti ogwirizana nawo.

Pakadali pano, akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Neti, ngakhale udzudzu utaipirira, imatchingabe ngati ilibe zibowo ndipo yapisidwa bwino pansi pa mphasa. Mayi woyembekezera alandire mankhwala oteteza ku sikelo. Dzenje la njerwa likwiriridwe ntchito ikatha.

Ndipo inu owerenga, mwana akatentha thupi musadikire kuti muone mawa. Kamuyezetseni tsiku lomwelo, ndipo mankhwala akapatsidwa, amalize masiku onse atatu.